Dzuwa la pa thandala

Ntchito yanga ndi yoyanika usipa. Ndimaugula pa doko la Nguwo kuno ku Senga Bay, n'kuuyanika, n'kuugulitsa kwa amalonda ochokera ku Salima boma, ku Lilongwe ndi ku Mchinji. Asodzi amalowa panyanja madzulo ndi chilimira ndi nyali, makamaka masiku amene mwezi uli kumdima, chifukwa usipa umatsata kuwala. Siginala amakhala m'bwato lake ndi nyali, usipa n'kuunjikana pansi pake, alovi n'kuuzinga ndi ukonde. Maboti akamakocheza m'bandakucha, ife timakhala titafika kale pagombe ndi ndowa zathu.

Luso limayambira pa kusankha. Usipa wabwino umanyezimira, maso ake amakhala oyera, mimba yake yosaphulika, ndipo ukaugwira umalimba m'zala. Umene unagwidwa koyambirira kwa usiku n'kugona pansi pa boti, wopondedwa ndiponso wonunkha mafuta a injini, sindiugula ngakhale mwini boti anditsitsire mtengo. Amati, "Amayi, tengani, dzuwa likonza." Dzuwa silikonza nsomba yovunda, limangoiumitsa ndi fungo lake lomwe.

Ndikagula ndimatsuka m'madzi oyera, kutali ndi pamene anthu amachapira, kenako ndimathamangira ku thandala. Thandala langa ndi la mitengo ndi bango, pamwamba ndinayalapo ukonde wa maso ang'onoang'ono, ndipo limafika m'chiuno kuti mphepo izidutsa pansi. Agogo athu ankayanika pamchenga, n'chifukwa chake anthu a kumtunda mpaka lero amadandaula kuti usipa umalumitsa mchenga. Poyala sindilola nsomba kusanjikizana. Ikauma mbali imodzi ndimatembenuza ndi chikhatho, pang'onopang'ono, chifukwa ukafulumira mitu imaduka.

Kufutsa ndiye kovuta kuphunzitsa munthu. Madzi amchere awire bwino, usipa uuviike uli m'dengu, ndipo ukangoona kuti wayera n'kulimba, uuvuule. Ukachedwa, mafuta amayandama pamwamba pa madzi, nsomba n'kutsala ngwee, yopepuka, yosakoma. Ukafulumira, kuwawa kwa m'matumbo kumatsalira. Palibe wotchi imene ingakuuze nthawi yake, pakuti usipa wonona ndi woonda safutsika mofanana, ndipo bonya amangofuna kumuviika n'kumuvuula.

Nthawi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, maboti ambiri amalephera kulowa chifukwa cha mafunde, koma usipa umene wapezeka umauma mokongola ndi mphepo youma ija. Dzinja ndilo limatiliza. Nsomba imatha kuchuluka pamene kumwamba kwatseka, ntchentche zili ng'waa, ndipo thandala lonse limatha kuonongeka tsiku limodzi. Mahema oumitsira nsomba, a pulasitiki yoonekera mkati, amene anamangidwa m'madoko ena a Salima ndi Mangochi, amathandiza pa mvula ndi ntchentche, koma mtengo womangira munthu mmodzi sangaukwanitse.

Mwana wanga wamkazi anaphunzira za kadyedwe ku Bunda. Tsiku lina akundithandiza kutembenuza nsomba anandiuza kuti, "Amayi, pamene mwaimapa pali zonse ziwiri zimene mafupa a munthu amafuna." Chimodzi ndi kashiamu, amene ali m'minga ndi m'mitu ya usipa, popeza timaudya wathunthu. China ndi vitamini D, amene thupi limapanga lokha khungu likawombedwa ndi dzuwa. Zimene khungu lapanga zimapita ku chiwindi n'kusinthidwa, kenako ku impso n'kusinthidwanso, ndipo pamenepo m'pamene zimayamba kuthandiza matumbo kuyamwa kashiamu wa m'chakudya. Vitamini ameneyu akachepa kwambiri, ana amapindika miyendo, amachita matewe, ndipo akuluakulu mafupa amafewa, minofu imafooka. Zakudya zokhala naye ndi zochepa: nsomba zamafuta, chikasu cha dzira, chiwindi. Amakhala m'mafuta a nsomba. Nditamva zimenezi ndinayamba kuwaona mwa mtundu wina mafuta aja amene amatayika m'madzi ofutsira munthu akachedwa kuvuula.

Ndinamufunsa ngati ku Africa kuno, ndi dzuwa lathuli, munthu angasowe chinthu chochokera ku dzuwa. Anati m'chaka cha 2020 magazini ya zaumoyo yotchedwa The Lancet Global Health inasindikiza kafukufuku wosonkhanitsa zotsatira za m'maiko ambiri a mu Africa, amene anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amene anayezedwa anali ndi vitamini D wochepa. Vutoli linaoneka kwambiri mwa anthu a m'mizinda, amayi, ndi makanda obadwa kumene. Zifukwa zina n'zoonekeratu. Khungu lakuda limatiteteza ku dzuwa, koma limafunanso nthawi yotalikirapo padzuwa kuti lipange vitamini wokwanira. Kuwala kumene kumapanga vitaminiyu sikudutsa pagalasi, choncho munthu wokhala muofesi tsiku lonse, ngakhale ayandikire zenera, sapindula kanthu. Zovala zofunda thupi lonse, ukalamba ndi kunenepa kwambiri nazonso zimachepetsa. Ambiri mwa anthu amenewa sadwala poonekera. Amayenda, amagwira ntchito, amangomva kutopa kapena kuphwanya m'mafupa, ena samva chilichonse.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi china. Anthu awiri a msinkhu umodzi, odya mofanana, owombedwa ndi dzuwa limodzimodzi, amatha kusiyana vitamini D wa m'magazi. Ngakhale kuwapatsa mapilitsi ofanana a vitaminiyu, mwa wina amakwera msanga, mwa wina pang'ono chabe. Mbali ina ndi chibadwa, malangizo a mu DNA amene timatengera kwa makolo. Mbali ina, imene ophunzira amaitcha epigenetics, ndi tizizindikiro timene timamatirira pa DNA n'kumalamula kuti langizo ili ligwire ntchito kwambiri, ilo ligone. DNA yeniyeniyo sisintha, chimasintha ndi kawerengedwe kake. Ofufuza apeza tizizindikiro totere pa malangizo amene amayendetsa kusintha kwa vitamini D m'chiwindi ndi kuphwanyidwa kwake m'thupi, ndipo ena anaona kuti kuchuluka kwa tizizindikiroti kumayendera limodzi ndi mmene munthu amalandirira mapilitsi aja.

Ine ndinazimva mosavuta chifukwa ndimaziona pa thandala. Usipa wa ukonde umodzi, ndowa imodzi, ukaugawa pawiri, wina n'kuuyala nthawi yomweyo, wina n'kuusiya pamulu mpaka dzuwa litakwera, patatha mwezi amakhala ngati si nsomba imodzi. Zimene zinauchitikira m'maola oyambirira zimautsata mpaka kumsika.

Kwa munthu, maola oyambirira amenewo ndi m'mimba mwa mayi ake. Ku Netherlands kunagwa njala yoopsa kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945. Patatha zaka pafupifupi 60, ofufuza anayeza anthu amene mimba zawo zinayamba m'njala imeneyo, ndipo anapeza kuti tizizindikiro tawo tina tinali tosiyana ndi ta abale awo a bere limodzi amene njalayo sinawakhudze. Ku Gambia, m'midzi yozungulira Keneba, anapeza kuti ana amene mimba zawo zinayamba m'nyengo ya mvula, pamene chakudya chimachepa, ali ndi tizizindikiro tosiyana ndi ana a mimba za m'chilimwe. Gambia ili kutali, koma nyengo imene akunenayo ikufanana ndi Januwale ndi Febuluwale wathu yemweyu, nkhokwe zitatha, chimanga chisanache. Ifenso tinaona njala ya 2002, ndipo agogo ankasimba ya 1949. Ana amene anali m'mimba mu 2002 lero ndi akuluakulu, ena ndi alovi amene amandinyamulira ndowa, amphamvu zawo. Ndikawaona ndimakumbukira anthu a ku Netherlands aja, ndipo ndikaona mtsikana woyembekezera akudutsa pa thandala m'dzinja, sindimulola apite chimanjamanja.

Zimenezi zinalowa m'kagwiridwe kanga ka ntchito. Ogula ena a m'tauni amafuna usipa wodula mitu kuti uoneke bwino m'mapepala a pulasitiki. Ndimawauza kuti, "Achimwene, mutu ndi minga ndiye mankhwala ake, mukufuna nditaye chiyani?" Ku Jos, m'dziko la Nigeria, kumene dzuwa ndi lambiri, madokotala anapeza kuti ana ambiri amatewe ankachira atapatsidwa kashiamu, kusonyeza kuti dzuwa palokha silikwanira ngati m'mbale mulibe chomangira mafupa. Nsima ya ufa woyera ndi masamba pang'ono sizipereka kashiamu wambiri. Usipa, umene masiku ano ndi woposa theka la nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno, ndiwo ndiwo yankhuli imene wosauka angaikwanitse, ndipo amaudya ndi mafupa ake omwe.

Chimene chimandipweteka mtima ndi amalonda ena amene amathira mankhwala osungira chimanga mu nsomba zouma kuti zisafumbwe. Nsomba imeneyo imakathera m'mbale ya mayi woyembekezera. Usipa wouma bwino, wosungidwa m'madengu pamalo ouma, odutsa mphepo, pamthunzi, sufuna mankhwala. Ukauma ndimauchotsa padzuwa msanga, pakuti dzuwa lopitirira muyeso limaononga mafuta ake, nsomba n'kufiira n'kuyamba kukereketa pakhosi. Ndi anthu chimodzimodzi pa mfundo iyi yokha: wogwira ntchito panja dzuwa limamukwanira kale, safunika kudziwotcha, ndipo abale athu achialubino ayenera kudziteteza ku dzuwa ndithu, vitamini wawo azimupeza m'chakudya ndi uphungu wa kuchipatala.

Pansi pa dengu lililonse pamatsala zinyenyeswa, mitu yoduka ndi timichira. Ambiri amagulitsa zimenezi kwa oweta nkhuku pa mtengo wotaya. Ine ndimapeta bwino kuti fumbi lichoke, ndimakazinga pang'ono pachiwaya popanda mafuta, ndimasinja mumtondo n'kusefa. Ufa umenewu amayi a m'mudzi muno amauthira m'phala la ana, m'masamba otendera, ena m'futali. Ndimausunga m'botolo lotseka bwino ndipo ndimasinja wochepa nthawi imodzi, chifukwa nsomba ikakhala ufa mafuta ake sachedwa kusasa.