Pa Njinga Kunka ku Nzama

Ndinanyamuka pa Boma la Ntcheu tambala woyamba atalira, ndekha ndi njinga yanga, kukafuna kalata ya ubatizo ya mtsikana wamasiye. Ukwati wake unaima chifukwa cha kalatayo, ndipo akuchimuna anayamba kung'ung'udza.

Njira ya ku Nzama ndi yokwera, yokhotakhota pakati pa mapiri oyandikana ndi malire a Mozambique. Mvula inagwa usiku. Tsono matope anagwira mateyala, kotero kuti njinga imene inayenera kundinyamula, ndine ndinainyamula. Mayi wina wokalamba, alikupalira mbatata ya kachewere, anandipatsa madzi nati, "Wawa aphunzitsi, musafulumire, Nzama sathawa."

Sathawadi. Pamenepo mpomwe Abambo atatu a Montfort, Bourget, Prezeau ndi Winnen, anakhazikika m'chaka cha 1901, m'dziko la mfumu ya Angoni Njobvuyalema. Iwo anachokera kutsidya kwa nyanja. Ine ndinali kudandaula ndi mtunda wa m'mawa umodzi!

Dzuwa litapendeka, tinatsegula buku la obatizidwa. Dzina la mwanayo tinalipeza, ndi la malemu amake pambali pake.