Tiwatengere ana kukaona Karonga wawo

Chaka ndi chaka kuno ku Karonga kumabwera alendo ochokera kutali, ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ena mpaka ku Germany ndi ku Amereka. Amalipira ndalama zambiri kudzaona zinthu zimene ife eni dera timazilambalala popita kumsika. Ana athu ambiri akula osalowamo m'nyumba yosungiramo mbiri yakale ya Cultural and Museum Centre Karonga, chikhalirecho inatsekulidwa m'chaka cha 2004 ndipo ili pa boma pomwepa.

Ine ndimaphunzitsa pa madrasa, ndipo Eid ikatha timawatenga ana ulendo wa tsiku limodzi. Makolo amasonkha kangachepe ka galimoto, amayi amatiphikira mpunga wa kilombero ndi usipa, ena mbalagha ya nyama ya ng'ombe. Basi ulendo wapsa.

Timayambira ku museum. Mukangolowa mumakumana ndi chigoba cha chinyama chachikulu chotchedwa Malawisaurus, chimene mafupa ake anafukulidwa ku Mwakasyunguti m'boma lathu lomweli. Ana aphokoso aja amangoti zii! Akatswiri akuti chinyamachi chinakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndipo mmodzi mwa amene anachifufuza ndi mayi wa Chimalawi, Elizabeth Gomani. Dzina limeneli ndimalitchula kawiri kuti atsikana amve bwino. Muliponso nkhani ya nsagwada yakalekale imene inapezeka ku Uraha, kufupi ndi Chilumba, m'chaka cha 1991. Makolo ena amada nkhawa kuti mafupa amenewa asokoneza chikhulupiriro cha ana. Ine sindinaonepo mwana akutuluka m'menemo atasokonezeka. Amatuluka akudabwa ndi kukula kwa zolengedwa za Allah, ndi kuti nthaka imene timalimapo chinangwa yasunga zinthu zotere.

Mbali imene imandivuta ndi ina. Ndi nkhani ya Mlozi.

Mukatsata msewu wa ku Chitipa pang'ono chabe mumafika ku Mpata, kufupi ndi phiri la Mbande kumene kunali likulu la a Kyungu, mafumu a Angonde. Ku Mpata ndi kumene Mlozi, wamalonda wa Chiswahili, anamanga linga lake, pamodzi ndi anzake Kopakopa ndi Msalemu. Anabwera ngati wogula minyanga ya njovu ndipo analandiridwa bwino, koma posakhalitsa anayamba kugwira anthu ukapolo. M'chaka cha 1887 Angonde ambiri anathawira m'bango pa thamanda la Kambwe, kumpoto kwa boma. Anthu a Mlozi anayatsa bangolo. Ena anapsa, ena anagwidwa ndi ng'ona, otsala anatengedwa. Nkhondo yake ndi azungu a kampani ya African Lakes, imene timaitcha Mandala, inatha zaka ziwiri popanda wopambana, mpaka mu Disembala 1895 pamene asilikali a Harry Johnston anagumula lingalo, namupachika Mlozi ndi kumasula akapolo oposa 500.

Tsiku lina titaima pamalopo, mnyamata wina wa zaka 12 anandifunsa, "A Mwalimu, kodi Mlozi anali Msilamu?"

Bambo wina amene anatiperekeza anandinong'oneza kuti ndingoizemba nkhaniyo. Ndinamvetsa mantha awo, pakuti kusukulu ana athu amanyozedwa kale ndi nkhani yomweyi. Koma mwana ukamubisira, akakamva kwa ena amayesa kuti unamunamiza pa zina zonse. Choncho ndinamuyankha kuti inde, Mlozi anali Msilamu, ndipo zimene anachita ku Kambwe zinali nkhanza zimene akayankha yekha pamaso pa Allah. Ndinawakumbutsa anawo za Bilal (RA), kapolo amene anazunzidwa ku Makka, Abu Bakr (RA) namuwombola ndi chuma chake, ndipo Mtumiki (SAW) anamusankha kukhala woitanira Swala woyamba. Anawa amaidziwa bwino mbiri ya Bilal. Chimene anali asanachitepo ndi kuiyika pambali pa mbiri ya kwawo.

Tisaiwale kuti ana ambiri a m'madrasa athu ali ndi amayi kapena agogo a Chingonde. Amene anapsa m'bango muja ndi makolo awo enieni. Mtsikana wina anatiuza kuti agogo ake amaitchula nkhani ya Kambwe mpaka lero, koma iye ankaopa kuinena ku madrasa poganiza kuti tikwiya. Mawu amenewa anandipweteka kuposa funso la mnyamata uja.

Sindikunena kuti azungu amene anagonjetsa Mlozi anali angelo. Nawonso ankafuna minyanga ndi dziko. Pobwerera timaima pa manda a asilikali pa boma, pamene pagona Mangerezi ndi Majeremani amene anaphana pa 9 Sepitembala 1914. Zaka 19 zokha chifereni Mlozi, Karonga anaonanso magazi, ndipo ambiri mwa amene anafa tsiku limenelo anali asilikali akuda, pa mkangano umene unayambira ku Ulaya.

Dzuwa likapendeka timatsikira kunyanja. Timapanga wudhu ndi madzi a m'nyanja, n'kuswali Dhuhur pamchenga, kenako mpunga uja. Kutsidya kumaoneka mapiri a ku Tanzania ngati mungawakhudze. Chonde makolo, ana asasambe pafupi ndi mathiriro a mitsinje chifukwa cha ng'ona, ndipo mwera ukamaomba asalowe m'madzi ngakhale alire motani. Pakhale amayi awiri kapena atatu oyang'anira atsikana.

Chaka chamawa, In shaa Allah, tikufuna kukafika ku doko la Chilumba ndi ku Uraha. Mtsikana uja walonjeza kuti apempha agogo ake atsagane nafe, ndipo ulendowo tidzayambira ku Kambwe kuti akatilongosolere okha.