Kalata yochokera ku Dedza: nsalu za chipani zalowa m'khitchini

Dedza, Novembala 2025

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji kumeneko ku Johannesburg pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno tilipo, kupatula amayi omwe mwendo uja umawavutabe m'mawa kukazizira. Munandifunsa pa WhatsApp kuti moyo uli bwanji chithereni chisankho, ine n'kungoyankha kuti "tikuyesera" chifukwa bandulo inali kumapeto. Lero ndakhala pansi kuti ndikusimbireni bwinobwino.

Inki ija tinaviika chala pa 16 Sepitembala ikadalipo. Pakhungu inachoka ndi sopo wochapira, koma pachikhadabo inakanirira, ndipo ikungokwera pang'onopang'ono. Lero yafika pakati, moti ndikamalowetsa ulusi pasingano ndimaiona. Tsiku limenelo ine ndi alamu anu tinalawirira limodzi kupita pasukulu ya pulayimale pomwe tinalembetsera, tinaima pamzere umodzi, tinalandira mapepala atatuatatu, la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. M'kachipinda kovotera aliyense analowa yekha ndi mtima wake. Iwo ndi mwana wa ku Thyolo, ine ndine wa pano pa Dedza. Zinazo mukhoza kudzimalizira nokha.

Masiku asanu ndi atatu odikira zotsatira, wailesi inasanduka mkazi mnzanga. Alamu anu ankadya nayo, kugona nayo, ngakhale kubafa ankaipachika pamsomali. Pa 24 Sepitembala a Lazarus Chakwera anayankhula ku mtundu kuvomereza kuti zawakanika, kenako madzulo ake a Annabel Mtalimanja a bungwe la MEC analengeza kuti a Peter Mutharika apambana ndi mavoti 56.8 pa 100 alionse, a Chakwera 33. Alamu anu anadzambatuka pampando manja m'mwamba, pakamwa atayasamula kale kuti akuwe. Kenako anakumbukira kuti ndi mkamwini, ndipo nyumba zonse zotizungulira zili chete ngati pamaliro. Anatsitsa manja, nakhala pansi, n'kupempha tiyi. Ndinaseka mpaka misozi, ngakhale mtima wanga unali wolemera.

M'mawa mwake amalume anatulukira ndi ndodo yawo. Atakhala pampando anati, "Akamwini, tamva kuti mwawina. Zabwino zonse. Nanga khitchini ya apongozi anu ija mufolera liti? Mvula ya kuno sifunsa chipani." Ndale za pakhomo pathu zinathera pomwepo. Pa 4 Okutobala, pamene a Mutharika ankalumbira pa bwalo la Kamuzu Stadium ku Blantyre, alamu anu anali padenga ndi mitolo ya udzu, wailesi ili m'thumba la malaya.

Ntchito yanga yautelala ndiyo yamva kusintha msanga. Nthawi ya kampeni, pakhonde la sitolo paja pomwe ndimaika makina anga apamwendo, anthu ankachita kudikirirana. Ndinasoka malaya a tambala wakuda, ndinasoka madiresi a buluu a chimanga, ndinasoka ofiira ndi achikasu omwe, zonse ndi singano imodzi. Panopa kwatsala zigamba, mazipi a mathalauza ndi mayunifomu osiyirana ofunika kubweza. Koma nsalu zija zikubweranso, ulendo uno ndi ntchito ina. Wina akufuna katani ya pazenera, wina chovalira pilo, wina epuloni yogulitsira mandasi. Mayi wina anayala nsalu yake patebulo langa, n'kuloza nkhope ya amene anamuvotera, nati, "Mudule bwino, bambowa akhale kumpendero, asaoneke kwambiri, koma musawataye." Ndinawapinda mosamala kuseri. Kwathu nsalu ya tambala ndi yomwe ndimaberekera mzime wathu, ya buluu timavundikira mtanga wa ufa kuti nkhuku zisaupalase.

Chomwe chimalamulira tsiku lathu ndi petulo. Njinga yamoto ya kabaza ndiyo imabweretsa ndalama ya ndiwo, ndipo anzawo akangoimba foni kuti thanki yafika pa filing'i, alamu anu amasiya chilichonse, ngakhale mbamu ili m'manja. Nthawi zina amachezera pamzere usiku wonse m'mphepo ya kuno ija mukuidziwa, yochokera kuphiri, atavala majekete awiri. Akalephera pamenepo amagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu wa M1, mtengo wake woboola m'thumba, ndipo okwera amakangana nawo ngati mafutawo akweza ndi iwo. Tsiku lotero zonse zimagwera ine. Ndimadzuka tambala woyamba kukatunga madzi, kukoleza mbaula, kuphika phala, kuona kuti wachisamba wanyamula makope, kutengera mzime kusikelo, kudutsira kwa amayi kukawasiyira mankhwala, kenako kuchigayo. Magetsi akazima, thumba la mphale limatsala pamzere ndi mwala pamwamba, ine n'kuthamangira kumakina komwe kasitomala wayamba kale kukukuta mano.

Ndikuuzeni zoona, achemwali, mkangano waukulu m'nyumba muno sunabwere ndi mavoti. Unabwera ndi kachitini kamene ndimabisamo ndalama pansi pa nsalu zotsalira. Ndinkasunga za feteleza, wokulitsa ndi wobereketsa, komanso zobweza kubanki mkhonde Lachinayi. Tsiku lina ndinapeza kachitiniko kapepuka. Alamu anu anali atatapamo kukagula petulo wa m'zigubu, poganiza kuti abwezera madzulo. Tsikulo okwera anasowa, tayala linaphulika kufupi ndi Bembeke, anabwera akukankha njinga, manja ali bii. Ine Lachinayi ndinakaima pamaso pa amayi anzanga chimanjamanja, n'kulipira chindapusa. Masiku atatu tinkayankhulana kudzera mwa ana: "Kawauze abambo ako madzi aphwa." "Kawauze amayi ako ndamva." Ndinatsala pang'ono kuitana ankhoswe.

Amene anatiweruza ndi amayi, osakweza ndi mawu omwe. Anatiitana tonse awiri, natifunsa aliyense kuti mnzake amadzuka nthawi yanji ndipo amagona nthawi yanji. Ine sindinkadziwa kuti pamzere paja munthu amagona chokhala pachishalo poopa kuberedwa malo. Iwo sankadziwa kuti kuchokera kusikelo kufika kuchigayo ndi mwana kumsana, thumba pamutu, ndimafika kumakina miyendo ikunjenjemera. Chiyambire tsiku limenelo, ana akagona timatenga kope lakale la masamu, n'kulemba za mawa. Mphale amaitenga pa njinga akamapita kusiteji. Mankhwala a amayi amawasiya iwo akapeza wokwera wolowera kumeneko. Kachitini kaja kali ndi loko tsopano, makiyi ali ndi ine, kope lili ndi iwo. Akapita ndi munthu ku Lizulu amabwerako ndi kachewere ndi kabichi wotsikirapo mtengo, ndiye msika wa sabata imeneyo watha.

Malonjezo tikuwamva pawailesi yomwe ija. Akuti kuyambira Januwale fizi ya m'masekondale aboma ichotsedwa, ndipo wachisamba wathu ali Fomu 2, choncho khutu langa lili pomwepo. Akuti boma ligula chimanga ku Zambia. Pamudzi pano nkhani ndi ya mayina a olandira feteleza wotsika mtengo, aliyense akufunsa mnzake ngati dzina lake latuluka. Ife tikudikira, koma mizere tamaliza kale ndipo mbewu tasankha, poti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mitambo yayamba kusonkhana pamwamba pa phiri la Dedza masana alionse.

Sabata yatha kunali maliro kutsidya kwa dambo. Anyamata omwe ankatukwanana pa malole a kampeni anali m'dzenje limodzi, kulandirana khasu ndi fosholo. Ife amayi kumoto tinazungulira miphika, wina wamanga tambala m'chiuno, wina chimanga, ndipo wovundula nsima atatopa sanayang'ane mtundu wa nsalu pompatsa mnzake mthiko. Alamu anu ananyamula anamfedwa awiri pa njinga ulere, ndi petulo yemwe anamuchezerera usiku. Amalume anawaona, ndipo pobwerera anandinong'oneza kuti, "Mkamwini uyu tisungeni." Sindinawauze eni ake, angayambe matama.

Wina akamabwera pa basi mwezi wamawa, munditumizireko mazipi aatali, singano za makina ndi ulusi wakuda ndi woyera, kuno zakwera mosaneneka. Amayi akuti jekete lija munawalonjeza likafika mwezi wa Juni usanakwane, sadzadandaula. Ana akupereka moni kwa azisuweni awo, ndipo alamu anu akuti ndikuuzeni kuti khitchini ija sikudonthanso.

Ndine mng'ono wanu wa ku Dedza.