Masiku Asanu ndi Awiri pa Chisumbu cha Melita

Aliyense amene anawerengapo buku la Machitidwe a Atumwi akulidziwa dzina la Melita, chisumbu chimene mtumwi Paulo anapulumukirapo ngalawa itasweka pa ulendo wake wa ku Roma. Ambiri a ife timaliwerenga dzinali ngati la malo akalekale amene anafafanizika, koma chisumbucho chilipo, pakati pa Nyanja ya Mediterranean, kummwera kwa Sicily, ndipo lero chimatchedwa Malta. Ndi dziko laling'ono ndithu, pakuti chisumbu chake chachikulu n'chotalika makilomita 27 okha. Anthu ake analandira ufulu wodzilamulira kuchokera kwa Angerezi pa 21 Seputembala 1964, miyezi iwiri ndi theka ife titalandira wathu, ndipo magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu monga kwathu kuno.

Ife tinafikako pa tchuthi cha Pasaka cha 1 Epulo 2024, pamene tinapita kukaona mwana wathu wamkazi amene ali namwino ku Manchester. Iye ndi mkamwini wathu anasunga ndalama pafupifupi chaka chathunthu kuti banja lonse lipume pamodzi, ndipo anagula ulendo wa mtengo wotsika, wophatikiza ndege, malo ogona ndi chakudya. Chiphaso cholowera ku Britain sichikwanira kulowera ku Malta. Chimafunika china chapadera, chimene tinachifunsira tisanachoke kuno, ndipo mapepala ake sanali ochepa. Tinalimbikira chifukwa cha adzukulu athu atatu, wa zaka 7, wa zaka 4, ndi wakhanda wongoyamba kuyenda. Onsewa anabadwira komweko. Chichewa chawo chimathera pa "agogo" ndi "zikomo", ndipo ku nyumba kwawo makolo amasinthana ntchito ya usana ndi usiku, kotero kuti kukhala onse pa gome limodzi kumachitika mwa apo ndi apo.

Hotela yathu inali ku Buġibba, m'mbali mwa St Paul's Bay, kumene kuli nyumba zambiri zogona alendo osalemera. Tisakubiseni, awerengi okondedwa, mtengo wotsika uli ndi zake. Zipinda zinali zaukhondo koma zothina, makoma ake opyapyala, ndipo nyimbo za pansi zinkalira mpaka usiku ndithu, wakhanda n'kumadzidzimuka. Chikepe chokwerera m'mwamba chinali chimodzi, chosakwana ngolo ya mwana ndi anthu atatu, motero masitepe tinawadziwa bwino. Madzi a m'mipope sakoma pakamwa, chifukwa Malta alibe mtsinje woyenda chaka chonse, ndipo gawo lalikulu la madzi awo amalitenga m'nyanja n'kulichotsa mchere ndi makina. Akumwa tinkagula a m'mabotolo. Munthu wokulira pafupi ndi chitsime zimamuvuta kuzolowera zimenezi.

Chakudya chinali cha m'mawa ndi chamadzulo, chodzitengera wekha. Apa mtima wathu unavutika pang'ono poona mbale zodzaza zikubwerera ku khitchini zitangolawidwa, osati za ana okha komanso za akulu. Agogo aakazi anaika lamulo pa gome lathu lakuti munthu atenge chimene angamalize, ndipo wa zaka 4 analira tsiku loyamba lokha. Masana tinkagula pastizzi, timikate totentha tokhala ndi tchizi kapena nsawawa m'kati, totsika mtengo kwambiri. Ndiwo imene anthu a ku Malta amainyadira ndi kalulu. Ife tinadya mokondwa, koma adzukulu, amene amadziwa kalulu ngati chiweto chosewera nacho, anatiyang'ana monga taphwanya malamulo khumi onse pamodzi. Za nsima tisanene. Pofika tsiku lachinayi tinali titaisowa.

Makolo amene angadzapite ndi ana aang'ono adziwe kuti gombe la ku Buġibba ndi la miyala yakuthwa ndi yoterera, ndipo mwana sangasiyidwe ngakhale mphindi imodzi. Mchenga tinaupeza ku Mellieħa, ulendo waufupi pa basi, kumene madzi ndi osaya kufikira patali. Mu Epulo nyanja imakhala ikadali yozizira, motero ana ankangoviika miyendo n'kumamanga nyumba za mchenga. Za kavalidwe ka alendo ena pagombepo, mkulu wa mpingo amangoyang'ana kumene kuli ngalawa.

Chimene chinatigwira mtima koposa chinali chooneka tsiku ndi tsiku tikaima m'mphepete mwa nyanja. Kutsidya kwa dooko, chakumpoto, kuli kachisumbu ka thanthwe kopanda nyumba zokhalamo anthu, ndipo pamwamba pake paima chifanizo cha Paulo chimene chinaikidwa m'zaka za m'ma 1840. Mwambo wa anthu a kumeneko umati ngalawa ija inaswekera pamenepo, ndipo tsiku la 10 Febuluwale chaka chilichonse ndi tchuthi cha dziko lonse chokumbukira zimenezo. Tinapangana kuti madzulo alionse, tisanagoneke ana, tiwerenge ndime zochepa za Machitidwe 27 ndi 28, poyamba m'Chichewa, kenaka bambo wa anawo awerenge m'Chingerezi. Tinkakhala tonse asanu ndi awiri pa mabedi awiri, wakhanda akukoka masamba a Baibulo.

Nkhaniyi taiphunzitsa kwa zaka zambiri ku Sande Sukulu, koma sitinaionepo ikumveka monga inamvekera m'kachipinda kaja. Tsiku lachitatu kunawomba mphepo yamphamvu, mafunde akumenya miyala mpaka thovu kufika pa msewu, ndipo zinatikumbutsa mwera wa pa nyanja yathu umene asodzi a ku Nkhotakota amauopa. Madzulo amenewo tinawerenga za anthu 276 amene anatengeka ndi namondwe masiku khumi ndi anayi, osadya, akutaya katundu m'nyanja. Mdzukulu wamkulu anapita pa zenera, nayang'ana mdima uja nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati m'ngalawamo munali ana. Malembo sanena, ndipo tinamuyankha chomwecho. Anafunsanso kuti osadziwa kusambira anatani, ndipo tinamuwerengera za matabwa ndi zidutswa za ngalawa zimene anagwirira kufikira onse anafika kumtunda. Wa zaka 4 mtima wake unali pa njoka imene inaluma Paulo pa dzanja pamene ankasonkha moto. Tinamutonthoza kuti lero pa chisumbupo palibe njoka ya ululu woti n'kupha munthu. Liwu lakuti "njoka" analigwira msanga, namaliitanira chingwe chilichonse chimene anachiona. Pofika Lachisanu anawo anali atadziwa ngalawa, nyanja, mphepo ndi moto, mawu amene sanawagwire m'miyezi yambiri ya kulankhulana pa lamya.

Tinapitanso ku Rabat, pafupi ndi mzinda wakale wa Mdina, kukaona phanga limene amati Paulo anakhalamo m'miyezi itatu ija. Anthu a ku Malta ambiri ndi a mpingo wa Katolika, ndipo makandulo ndi zifanizo za m'phangamo si mwambo wathu, koma tinaona ulemu umene amapereka ku malowo ndipo ana tinawauza kuti alankhule motsitsa. Tinadabwa kumva kuti m'chinenero chawo, chimene chili pa ubale ndi Chiluya, Mulungu amamutchula Alla.

Tsiku la Sabata tinakwera basi kupita ku Valletta, likulu la dzikolo, kumene misewu ina ndi masitepe okhaokha, ndipo ngolo ya mwana tinkachita kuinyamula awiriawiri. Kumeneko kuli tchalitchi cha St Andrew's, chomangidwa mu 1857, chimene amapembedzamo pamodzi a Methodist ndi a mpingo wa ku Scotland, womwe uja unatumiza amishoni ku Blantyre mu 1876. Dongosolo la mapemphero silinali lachilendo kwa ife. Pakati pa opembedza panali Aafrika anzathu, ndipo pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero tinamva kuti ena mwa iwo anafika pa chisumbupo pa timabwato todzaza kuchokera ku Libya, anzawo ena atamira panjira. Nyanja imene ife tinailipirira kuti tikaione ndi yomweyo imene iwo safuna kuikumbukira. Bambo wina wa ku West Africa anamunyamula wakhanda wathu kuti mayi ake amwe tiyi bwino, natifunsa ngati kwathu mvula inagwa bwino chaka chimenecho. Tinamuuza za ng'amba imene inaumitsa chimanga ku chigawo cha kummwera, iye n'kugwedeza mutu monga mlimi.

Pobwerera m'basi, mdzukulu wamkulu anafunsa ngati anthu aja nawonso anawasonkhera moto pamene anafika kumtunda. Bambo ake anati akamufunsa bambo uja mwa kalata, popeza anapatsana ma adiresi. Madzulo amenewo tinamaliza chaputala 28 kufikira pamene Paulo anakwera ngalawa ina ya ku Alesandriya, ndipo m'mawa mwake basi ya ku bwalo la ndege inatitenga kusanache.