Khobidi Silikumbukira Kumene Linagwera

Anzanga acinyamata, ndiyambe ndi funso, ndipo musathamangire kuyankha. Pagulu lanu pakhale anthu angati kuti tiyembekezere kupezapo awiri obadwa tsiku limodzi, mwezi umodzi, ngakhale zaka zisiyane?

Funso limeneli ndinakumana nalo sabata yoyamba ya phunziro la probability ndi statistics, m'caka canga caciwiri pa yunivesiti ya UNZA ku Lusaka. Probability ndi masamu oyeza mwayi wakuti cinthu cicitike, pamene statistics ndi luso lomvetsa zimene manambala osonkhanitsidwa akunena. Ine ndinacokera ku Katete ndi mbiri yakuti ndine katswiri wa masamu, ndipo mbiriyo ndinali kuikhulupirira koposa amene anandipatsa. Ndinawerengera mwamsanga: caka cili ndi masiku 365, theka lake ndi 183, ndiye pafunika anthu 183. Ndinakweza dzanja n'kuyankha mokweza kuti a kumbuyo nawonso amve. Aphunzitsi sanatsutse. Anangouza okhala m'mizere itatu yakutsogolo, anthu ngati 40, kuti aliyense achule tsiku lake lobadwa. Tisanamalize mzere wacitatu, mtsikana wina anachula tsiku la mu April, mnyamata wa mzere woyamba n'kuimirira kuti ndi lakenso. Kalasi yonse inaseka, ndipo sinali kuseka awiriwo.

Yankho ndi 23. Pa anthu 23 mwayi umapitirira theka pang'ono, ndipo pa anthu 40 umafika pafupifupi 89 pa 100. Ine ndinalakwa cifukwa ndinali kuganiza za tsiku langa, kuti ndani angafanane ndi ine. Koma funso silinali la ine. Anthu 23 mukawaphatikiza awiriawiri m'njira zonse zotheka, mupeza magulu 253, ndipo gulu lililonse ndi mpata wakuti masiku afanane. Kayeseni pa msonkhano wanu Ciweru cikubweraci. Mukakhala oposa 30, sindikayika kwambiri.

Apa m'pamene ndinaona kuti phunziro ili n'losiyana ndi masamu ena. Mu algebra, ukapeza yankho, mtima umavomera. Mu probability pepala limanena cina, mtima n'kumakana. Mayeso oyamba ndinalephera cifukwa ndinamvera mtima.

Nchito imene inandisintha inali yooneka yacibwana. Anatiuza kuti aliyense aponye khobidi m'mwamba ka 100 ndi kulemba mbali imene yagwera. Ndinatenga 50 ngwee, ija ya njovu mbali ina, cizindikiro ca dziko mbali inayo, n'kukhala pabedi usiku. Pakati pa nchitoyo njovu inagwa kasanu ndi kamodzi motsatizana. Ndinaima. Mumtima ndinati, tsopano basi, cizindikiro ciyenera kubwera, cakhala cikudikira. Ndinaponya. Njovu. Ndikuvomera kuti ndinafuna kufufuta n'kulemba zina, poopa kuti aphunzitsi adzati ndangopeka. Mwamwayi ulesi unandigwira, ndinazisiya momwemo.

Tsiku lobweza mapepala, aphunzitsi anapatula mapepala angapo n'kunena kuti eni ake sanaponye khobidi, anangolemba za m'mutu. Sanaphonye ndi mmodzi yemwe. Anawadziwa bwanji? Munthu wopeka amasinthasintha mbali msangamsanga, saloleza mbali imodzi kugwa kopitirira katatu, cifukwa amaganiza kuti mwayi umagawa mwacilungamo ngati mayi wogawa ndiwo kwa ana. Khobidi lenileni silitero. Ukaliponya ka 100, kawirikawiri mbali imodzi imagwa kasanu kapena kuposerapo motsatizana. Khobidi silidziwa kuti lagwera njovu kasanu ndi kamodzi. Lilibe ngongole ndi munthu. Ulendo uliwonse mwayi ndi theka, monga ngati ndi ulendo woyamba.

Mwina mufunsa kuti, nanga si paja amati ukaponya kambirimbiri mbali ziwirizo zimalingana? Funso lomwelo linandivuta kwa milungu iwiri. Amene anandithandiza ndi John Kerrich, mphunzitsi wa masamu wa pa yunivesiti ya Witwatersrand ku Johannesburg. Mu 1940 iye anali ku Denmark pamene asilikali a Germany analanda dzikolo, ndipo anatsekeredwa mumsasa. Pokhala ndi nthawi yambiri yopanda cocita, iye ndi mnzake anaponya khobidi ka 10,000. Mbali ya mutu inagwa ka 5,067. Onani bwino: inapitirira theka ndi 67, ndipo palibe cimene cinabweza 67 ameneyo. Kungoti 67 pakati pa 10,000 ndi kanthu kocepa. Supuni ya mcere m'kapu ya madzi imawawa, koma supuni yomweyo mu dramu simuimva. Mcerewo sunacoke, madzi ndiwo aculuka.

Aphunzitsi anatiuzanso kuti masamu amenewa anakulira pa njuga. Mu 1654 akatswiri awiri a ku France, Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat, analemberana makalata pofuna kupeza njira yogawira ndalama mwacilungamo ngati masewera a njuga adukizidwa asanathe. Ndinalemba zimenezi m'kope ngati mbiri yakale yofunika pa mayeso cabe. Sindinadziwe kuti nkhani ya njuga inali kundidikira kunyumba.

Pa holide ndinapeza mng'ono wanga, amene anali mu Giredi 11, atayamba kubecha mpira pa foni. Amayi anandinong'oneza kuti ndalama ya nsapato za sukulu imene anampatsa sinaoneke, nsapatonso sizinaoneke. Madzulo ndinamuitana kuseri kwa nkhokwe.

“Acimwene, simukumvetsa,” anatero. “Sabata yatha ndinaika magemu khumi, asanu ndi anayi analowa, imodzi yokha ndiyo inandidula. Ndaluza kasanu ndi kawiri motsatizana. Ulendo uno ndi wanga.”

Anali mawu anga enieni a usiku uja wa njovu, kungoti iye anali ataikapo nsapato.

Tiyeni tiwerengere pamodzi monga ndinacitira naye, polemba ndi kamtengo pansi. Tengani kubecha kwa mbali ziwiri zofanana mwayi, monga kunena kuti zigoli zipitirira ziwiri kapena ayi. Cilungamo cikanakhala cakuti ukaika K10 n'kuwina, ulandire K20. Koma kampani imalipira mocepera, tinene 1.90, ndiye kuti K19. Munthu wina akaika K10 mbali iyi, wina K10 mbali inayo, kampani yalandira K20, yalipira K19, yatsala ndi K1. Ilibe nazo kanthu kuti wawina ndani.

Tsopano tiketi ya magemu khumi. Kuti onse alowe, muculukitsa theka ndi theka kakhumi, ndipo mupeza mwayi umodzi pa 1,024. Wobecha tiketi yotere Ciweru ciliconse angayembekezere kuwina kamodzi pa zaka pafupifupi 20. Pa foni amakuonetsa kuti K10 yako idzabala K6,131, mutu n'kuzungulira. Koma malipiro acilungamo akanakhala K10,240. Kagawo ka kampani kaja kakula pa gemu iliyonse, mpaka pa kwacha iliyonse imene waika, pafupifupi 40 ngwee yapita mpira usanayambe. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cimene cinandipweteka kwambiri ndi cija cakuti “imodzi yokha ndiyo inandidula.” Pali njira imodzi yokha yakuti magemu onse khumi alowe, koma pali njira khumi zakuti asanu ndi anayi alowe, imodzi idule, pakuti yodulayo ikhoza kukhala iliyonse mwa khumiwo. Conco kuphonya ndi gemu imodzi kumacitika kakhumi kuposa kuwina. Mng'ono wanga anali kuona ngati wafika pakhomo, pamene anali pamalo pomwe anthu ambiri amafika n'kubwerera cimanjamanja.

Ndikanakonda kukuuzani kuti anagwetsa misozi n'kutaya foni. Sizinatero. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Nanga mnzanga uja anawina K3,000?” Ndinamufunsa kuti m'kalasi mwake amabecha ndi angati, ndipo ndi angati amene amayendayenda kuonetsa anzawo tiketi yoluza. Anati sukulu yandipatsa matama. Pamenepo sananame kwenikweni. Ndinalankhula naye ngati ndili pa bolodi, ndipo ndinasangalala ndi kukhoza kwanga koposa kumva cisoni cake. Mnyamata amene wataya ndalama ya amake amadziwa kale kuti walakwa. Cimene cimamubwezera ku foni ndi manyazi, kufuna kubweza ndalamayo asanafunsidwe. Zimenezo sitinaphunzire m'kalasi.

M'mawa mwake ndinasiya probability n'kutenga statistics, imene siyamba ndi kukangana koma ndi kulemba. Ndinamugulira nsapato ndi ndalama yanga ya cakudya ca kusukulu, kuti nkhani ya amayi ithe. Kenaka ndinampatsa kope laling'ono. Ndinati, “Sindikuletsa. Koma ulendo uliwonse ulembe tsiku, ndalama imene waika, ndi imene yabwera. Usadumphe ngakhale K2. Ndikadzabwera tidzawonkhetsa.”

Ndinabwerako patapita miyezi inayi. Kope lija analibisa m'thumba la mbewu. Masamba atatu oyamba anali odzaza, manambala olembedwa bwino m'mizere iwiri. Pansi pa tsamba lacitatu anali atawonkhetsa yekha, osandidikira, n'kuzunguliza yankho ndi bolopeni kawiri. Tsamba lacinayi linali ndi mizere iwiri yokha, ya masabata otalikirana. Ndinamufunsa ngati analeka kubecha kapena analeka kulemba.

“Zina musamafunse, acimwene,” anatero, n'kunyamula khasu kupita kudimba.