Marozi a ku Kafue Estates Alimbana ndi Dzuwa la October

Mlendo wocoka ku Lusaka kulowera kum'mwera, atayenda makilomita oposa 40 pa mseu waukulu wopita ku Livingstone ndi ku Chirundu, amatsika pang'onopang'ono pakati pa mapiri kufikira ataona mafakitale a ku Kafue. Kutsika kumeneku amakumva m'thupi, pakuti Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja, pamene Kafue ali m'cigwa ca mtsinje, cifupi ndi mamita 1,000. Motero m'mwezi wa October, pamene dziko likonzekera cikondwerero ca ufulu ca pa 24, dzuwa la kuno limaswa mtengo, ndipo nthaka yakuda ya m'madambo imang'ambika ming'alu yolowa dzanja la munthu.

Koma m'nyengo yowawa yomweyi, munthu akalowa m'tinjira ta Kafue Estates amapeza maluwa. Pakhomo pena pali marozi ofiira ndi acikasu m'mphepete mwa khonde, pena pali bougainvillea wokwera pa mpanda, hibiscus, canna ndi geranium wodzalidwa m'zitini zakale za penti. Kuti munthu amvetse mtengo wa maluwa amenewa, ayenera kudziwa mbiri ya malowa.

Dzina la Kafue linayamba kumveka patali mu 1906, pamene ulalo wa njanji wotalika mamita 427 unamangidwa pamtsinje. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Boma la a Kenneth Kaunda linasankha malo ano kuti akhale mzinda wa mafakitale. Kampani ya Boma ya INDECO inamangitsa nyumba za anchito, potsata mapulani a akatswiri a ku Greece a Doxiadis Associates, ndipo mudzi watsopanowo unachedwa Kafue Estates. Fakitale ya fataleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba nchito mu 1970, ndipo pambali pake panali fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles. Anthu anabwera kucokera ku Chipata, ku Kasama, ku Mongu ndi ku Monze, aliyense napatsidwa nyumba ndi kabwalo kake.

Masiku a malipiro osaphonya aja anapita. Fakitale ya nsalu inatsekedwa, ndipo anchito ambiri anacotsedwa m'makampani a Boma. Kuyambira mu 1996 Boma linayamba kugulitsa nyumba kwa amene anali kukhalamo, kotero kuti wobwereka wa dzulo anasanduka mwini khomo. Munthu sadzala duwa lokhala zaka khumi pabwalo limene adzacokapo mawa; rozi lodzalidwa pakhomo lionetsa kuti mwini wake watsimikiza mtima kukhala.

Nchito ya rozi la October imayamba m'cisanu. Ca kumapeto kwa July mwini dimba amatenga lumo lakuthwa, nadulira citsamba ciliconse kufikira citsala cofika m'maondo, nacotsa nthambi zouma ndi zopingasana, nasiya zitatu kapena zinayi zamphamvu. Pambuyo pake amathira manyowa owolerana bwino a ng'ombe kapena a nkhuku, nathirira kwambiri. Apa mpofunika kudekha kumene akulu anati ndiko kuonetsa maso a nkhono, cifukwa pamapita masabata ngati khumi maluwa oyamba asanamasule. Tsoka lake ndi lakuti amamasula panthawi yomwe kutentha kwafika pacimake ndipo mvula ikali kutali.

Cinsinsi ca masabata amenewa ndi kathiriridwe. Wowaza madzi pang'ono tsiku ndi tsiku amanyenga citsamba cake, pakuti mizu imakwera pamwamba kutsata cinyontho, ndipo dzuwa la masana limaiwamba. Odziwa amakumba kabeseni kuzungulira tsinde, nathiramo ndowa yathunthu kawiri kapena katatu pa sabata, m'mamawa dzuwa lisanakwere, kuti madzi alowe pansi ndipo mizu iwatsate komweko. Atatero amaphimbira nthaka ndi udzu wouma kapena masamba, mocindikala ngati m'lifupi mwa cikhatho. Cophimbaco sicifika patsinde penipeni, cifukwa ciswe cimakonda udzu wouma ndipo citsamba cofooka ndi ludzu sicicedwa kugwidwa. Fataleza sathira pa nthaka youma, angakhale D Compound amene anachukitsa dzina la Kafue kwa alimi, amawotcha mizu. Ayenera kuthirira coyamba, kumwaza kadzanja kocepa patali ndi tsinde, ndi kuthiriranso.

Adani a m'cilimwe ndi aang'ono. Nsabwe zobiriwira zimaunjikana pa nsonga zanthete kuyamwa madzi ake, ndipo zimagonja ku madzi a sopo wocepa. Oopsa koposa ndi tiakangaude tofiira, tosaoneka bwino ndi maso, timene timaswana kunsi kwa tsamba kukatentha ndi kuuma. Tsamba limacita mathothomathotho acikasu kenaka limayoyoka. Mankhwala ake oyamba ndi kutsuka kunsi kwa masamba ndi madzi. Tsamba lililonse ndi lofunika, pakuti ndilo mthunzi wa nthambi, ndipo cifukwa ca ici wodula duwa lofota m'October amadula kaphesi kafupi, osati nthambi yaitali. Mvula ikagwa m'November mdani amasintha: kumabwera nthenda ya mawanga akuda, ndipo masamba ogwa ayenera kutoledwa ndi kuwotchedwa.

Madzi enieniwo ndiwo nkhani yaikulu. Mtsinje uli pafupi, ndipo pa Iolanda pali makina oyeretsa madzi amene amapopedwa kupita ku Lusaka, koma makina amadalira magetsi. M'caka ca 2024 mvula inakana, ndipo pa 29 February Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa m'damu la Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri patsiku, ndipo m'mizinda yambiri mipopi inali kuuma. Pa nthawi yotere ndowa ya m'nyumba imayamba yafika kumphika, kwa ana ndi kumabedi a repu ndi tomato. Duwa limalandira otsala otsukuluzira zovala ndi mbale. Apa maluwa olimba aja amaonetsa ubwino wake. Bougainvillea amamasula kwambiri akamva ludzu, geranium amasunga madzi m'phesi lake, ndipo canna angakhale apserere pamwamba amaphukanso kucokera ku mizu yake yonenepa mvula ikagwa.

Anthu a ku Kafue adziwanso kuti si duwa lililonse lokongola limene liyenera kusungidwa. Comera coyandama ca maluwa ofiirira, cimene kuno cimachedwa Kafue weed ndipo ku Malawi namasupuni, kwawo ndi ku South America, ndipo cinafalitsidwa m'maiko ambiri ndi anthu okonda kukongola kwake. M'zaka za m'ma 1990 cinatseka mtsinje pafupi ndi ulalo, cinatsekereza mabwato a asodzi, ndi kuopseza makina a magetsi a ku Kafue Gorge. Lantana nayenso anayamba ngati mpanda wa pakhomo, koma mbalame zinamwaza mbewu zake kufikira analanda malo odyetsera ziweto. Woweta maluwa ali ndi udindo wopitirira mpanda wake.

Mafamu akulu ozungulira Lusaka anayamba kutumiza marozi ambiri pa ndege ku misika ya ku Holland m'zaka za m'ma 1990. Marozi a ku Estates sapita kutali cotero. Amathera patebulo la m'nyumba, paguwa la m'chalichi tsiku la Sabata, m'manja mwa mkwatibwi, ndi pamanda a mnansi. Nthambi yoduliridwa m'July imadutsa pa mpanda kupita kwa woyandikana naye, amene amaizika pamthunzi m'citini ca mcenga, naithirira kufikira itaphuka.