Chimbale cha DJ Sichifuna Mpata

Pa chimbale cha nyimbo zosakaniza, DJ amalowetsa nyimbo ina inzake isanathe, ng'oma ziwiri n'kumagunda limodzi mpaka womvera osadziwa pomwe yoyamba yathera. Umu ndi mmene Sasha ndi John Digweed anachitira pa Renaissance: The Mix Collection mu 1994, ndipo zimbale za house za Soul Candi za ku Johannesburg zinatsata njira yomweyo. Manambala a nyimbo pa CD yotere ndi zizindikiro chabe. Phokosolo ndi limodzi, losaduka.

Ntchito yanga ndi kusamutsa zimbale zoterezi kuziika mu kompyuta. Ambiri obwera kwa ine amakhala atayesa kale okha, ndipo dandaulo lawo ndi lofanana: nyimbo ikamasintha pamamveka kudukiza, ngati woyimba wameza malovu pakati pa mawu.

Kudukizako sikuchokera pa chimbale ayi. Kumabadwa posandutsa nyimbo kukhala MP3. CD imasunga masampulo 44,100 pa sekondi, ogawidwa m'zigawo 75 za masampulo 588 chilichonse, ndipo malire a nyimbo amagwera pa zigawo zimenezi. MP3 nayo imalongedza phokoso m'mapaketi a masampulo 1,152. Nyimbo ikalephera kudzaza paketi yomaliza, pulogalamu imatsekapo ndi kachetechete, ndipo kumayambiriro kwa fayilo imaikanso kena. Zonse pamodzi sizifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Pa chimbale cha kwaya chomwe nyimbo zake zimatha bwinobwino palibe angazindikire, koma ng'oma ya house ikamagunda kawiri pa sekondi, phazi la wovina limamva msanga.

N'chifukwa chake mmisiri wosamala sayamba ndi kudula. Ine ndimagwiritsa ntchito Exact Audio Copy, pulogalamu yomwe Andre Wiethoff anatulutsa mu 1998. Ndimakopera chimbale chonse kukhala fayilo imodzi ya FLAC, yomwe imachepetsa kukula kwa fayilo osataya kanthu, limodzi ndi kafayilo ka cue komwe kamalemba mphindi ndi sekondi pomwe nyimbo iliyonse ikuyambira. Kenako AccurateRip imayerekeza zomwe ndakopera ndi za ena omwe ali ndi chimbale chomwecho. Zikafanana, ndiye kuti kukalika kwa chimbale sikunawononge kanthu. Fayilo imeneyi ndiyo ndimasunga. Zina zonse zimachokera pa iyo.

Wofuna nyimbo iliyonse payokha angathe kuipeza. FLAC siwonjezera kachetechete, ndipo LAME, pulogalamu yopanga MP3, imalemba m'mutu mwa fayilo kuchuluka kwa komwe yawonjezera kuti pulogalamu yoseweretsa nyimbo ikachotse. Pulogalamu yotere ya foobar2000 imawerenga zimenezi bwino. iTunes inayamba kuyimba mosadukiza mu 2006. Vuto lili pa wailesi za m'galimoto ndi masipika otchipa olandira fulashi: ambiri sawerenga mutuwo, komanso amapuma potsegula fayilo yotsatira. Kwa dalaivala wa minibasi ndimapanga MP3 imodzi yaitali. Sangadumphe nyimbo, inde, koma amamva zomwe DJ anakonza, ndipo kwa ine chimenecho n'chofunika kuposa batani lodumphira.

Pali zinthu zomwe ndimakana ngakhale kasitomala atachonderera. Sindilola pulogalamu kusadza chete payokha, chifukwa imaluma ndi mchira wa phokoso womwe. Sindikwezanso nyimbo iliyonse payokha, poti polumikizira pamamveka kukwera kwadzidzidzi. Ngati m'pofunika kukweza, chimbale chonse chikwere mofanana. Wofuna kubwezera nyimbozo pa CD yatsopano asankhe disc-at-once, apo ayi pulogalamu imalowetsa masekondi 2 pakati pa nyimbo zonse.

Ndisanapereke fulashi kwa mwini wake ndimavala mahedifoni n'kumvetsera polumikizira paliponse, kuyambira masekondi angapo nyimbo isanathe. Pena pakadukiza, ndimabwerera ku fayilo ya FLAC ija n'kuyambanso kudula potsata cue.